Disiki Imene Nidal Sanaiboole

Kunyumba kwa Abu Nidal, mumzinda wa Irbid, kunali mtendere. Banja linkakhala m'chipinda cham'mwamba, kashopu kokonzera makompyuta kali pansi, ndipo mayi a m'nyumbamo, Umm Nidal, ankatsitsira tiyi kushopuko m'mawa ndi masana. Ana analipo awiri: Nidal, amene anali atangomaliza sekondale, ndi mlongo wake Rima. Abu Nidal chuma analibe, koma dzina anali nalo. Anthu ankalambalala mashopu akuluakulu n'kudzasiya malaputopu awo kwa iwo, podziwa kuti chinsinsi cha munthu sichituluka m'menemo.

Ntchito yambiri inali ya malaputopu okalamba, aja ukayatsa umayamba wakaphika khofi asanadzuke. Ankakopera zonse za m'disiki yakale kupititsa mu yatsopano yotchedwa SSD, kumasula timasikulu ta kunsi, n'kusinthanitsa. Mwini wake ankadabwa kuona makina ake akuthamanga ngati ogula dzulo.

Nidal ndiye anabadwa ndi chidwi, mafunso osatha pakamwa.

"Bambo, yakaleyi ikamagwira ntchito imamveka kuzungulira. Nanga yatsopanoyi ili zii, ikusunga bwanji zinthu?"

"Yakaleyo ili ndi kambale kozungulira ndi kasingano kofufuza. Iyi ilibe choyenda, n'chifukwa chake sichedwa. Mafunso otere funsa mpaka mawa, sinditopa."

Koma panali zinthu ziwiri zosakambirana. Zinthu zikamakopedwa, Abu Nidal ankafunditsa sikirini ndi nsalu kuti diso lisagwe pa za eni. Ndipo disiki yakale ankaiboola ndi dirilo mwini wake akuona, kuti wina asadzaiwerengenso.

"Laputopu ya munthu ndi nyumba yake," ankatero. "Ife atiitanira kudzakonza chitseko, osati kusuzumira kuchipinda."

Tsiku lina bambo ali kumzikiti, Nidal anakweza nsalu ija pang'ono. Anangofuna kuona kamodzi basi. Laputopu inali ya wogulitsa nyama wa pakona, chimunthu cha mawu aukali, ndipo m'menemo munali ndakatulo zachikondi zolembera mkazi wake. Nidal anaseka mpaka misozi. Kuyambira pamenepo, laputopu iliyonse yolowa m'shopu inkamuyabwa m'manja.

Raed, mnzake wogulitsa zikwama za mafoni pafupi pomwepo, anamupezerera akusuzumira.

"Aise, ukudya wekha? Nanga ungaone chiyani m'kanthawi kameneka? Uzisunga disiki yonse, tiziona mosathamanga."

"Timaboola mwini wake ali pomwepo."

"Ndiye umupusitse. Ndani amadziwa nkhope ya disiki yake? Tenga disiki yakufa m'katoni umo, uboole imeneyo. Mwini wake apita akumwetulira, iwe watsala ndi yeniyeni."

Nidal anayesa kamodzi, zinatheka. Anayesanso, zinathekanso. Posakhalitsa kuseri kwa shelefu kunadzaza madisiki a eni, ndipo iye ankadziwa amene akudwala mobisa, amene akufuna kusamuka, ndi amene ukwati ukuwavuta.

Pakamwa sipasunga zambiri. Tsiku lina akudya, zinamupulumuka kuti aneba awo akugulitsa nyumba.

"Wamva kwa yani?" anafunsa Umm Nidal. "Eni ake sanauze munthu."

"Ndangomva, amayi."

"Mwana wanga, ukudziwa zambiri zimene sunauzidwe, ndipo zikundiopsa. Maso akowo uwamange. Dzina limene likutidyetsa pano si lako, ndi la bambo ako."

Nidal anangoti chabwino, mtima uli kuseri kwa shelefu.

Kenako kunabwera mayi Suha, wojambula zithunzi pa maphwando a hina, aja a akazi okhaokha ukwati usanachitike, pomwe amayi ndi atsikana amavula mipango kumutu n'kuvina momasuka poti palibe mwamuna. Abu Nidal anali atapita kukagula katundu ku Amman.

"Laputopu iyi kwina kulikonse sindikanaisiya," anatero mayi Suha. "Muli ana aakazi a eni m'menemu. Ndakhulupirira bambo ako."

Nidal anaika SSD, anasinthanitsa mwachangu monga mwa chizolowezi, n'kuboola yakufa. Mayi Suha anatenga yobooledwayo, anaiika m'chikwama n'kuthokoza.

Nidal asanaitsegule n'komwe disiki yeniyeni ya mayi Suha, Raed anatulukira.

"Ya wojambula uja? Ndibwereke, mawa ndibweza."

"Ayi aise, imeneyi ndiye ayi."

"Wayamba liti kupemphera? Kapena ndikawaonetse bambo ako za kuseri kwa shelefu?"

Nidal anapereka.

Sabata isanathe, zithunzi zinali m'mafoni a anyamata a dera lonse. Rima anabwera kuchokera kukoleji akulira, n'kudzitsekera m'chipinda. Iyenso analipo pa phwando la mnzake, ndipo chithunzi chake akuvina, tsitsi lili pamtunda, chinali kuyenda m'manja mwa amuna osawadziwa. Nidal anamva zonsezi. Anathamangira kwa Raed, koma anapeza malo ake otseka, foni yozima.

Madzulo ake mayi Suha anafika kushopu ndi bambo a mkwatibwi, anthu ataunjikana pakhomo.

"Abu Nidal, mwandipha. Palibe amene adzandilowetsenso m'nyumba mwake."

"Mayi, ndikulumbira pa dzina la Mulungu, m'shopu muno simunatuluke kanthu. Mwana wanga anaboola inu mukuona."

"Anabooladi. Nayi."

Abu Nidal anailandira n'kuitembenuza. Pakona panali chizindikiro chofiira chimene iwo eni ankalemba pa madisiki akufa. Anaiyang'ana nthawi yaitali, kenako anayang'ana mwana wawo.

"Nidal, ya mayiwa ili kuti?"

Nidal anagwada pansi n'kuulula zonse, za Raed ndi za kuseri kwa shelefu. Anatulutsa madisiki aja imodzi imodzi, anthu a pakhomo akuyang'ana, aliyense akudzifunsa ngati yake ilipo. Wogulitsa nyama uja analowa, ananyamula laputopu ya mwana wake imene inali isanakonzedwe, n'kutuluka nayo. Ena anatsatira.

Anthu atabalalika, Abu Nidal anakhala pampando, misozi ikutsikira m'ndevu.

"Shopu ndikhoza kuiiwala, mwana wanga. Koma ndalumbira bodza pa dzina la Mulungu pamaso pa anthu, chifukwa ndimakukhulupirira. Kwera, ukamuuze mlongo wako ndi pakamwa pako amene wamuvula mpango."

Nidal anakwera, anagogoda, ananena. Rima sanatsegule.

Inu achinyamata, kufunsa kuti chinthu chimagwira bwanji ntchito ndi nzeru, koma kusuzumira za eni ndi kuba, ngakhale manja asananyamule kanthu. Wakusungitsa chinthu wakusungitsa ulemu wake. Ukauseweretsa, woyamba kulira amakhala wa m'nyumba mwako.