Chimbale cha ku Ntchisi

Tiwale ankagulitsa madividi, marimoti ndi zingwe za kanema m'kashopu ka amalume ake pamsika wa Chilinde, ndipo anyamata a pakamwa pozuna anali atawazolowera kale. Koma tsiku lomwe Anderson analowa m'shopumo, mtsikanayu anaiwala ngakhale kupereka moni.

Mnyamatayo anati wagula kanema wamkulu wa masiku anoyu, wopyapyala ngati chitseko cha kabati, koma sakudziwa dividi yoyenerana naye. Anatola zingwe zitatu zachikale, chachikasu, chofiira ndi choyera. Tiwale anamulanda. Anamuuza kuti zimenezo pa kanema wotere zimaonetsa anthu ngati ali m'nkhungu, bola asankhe dividi yokhala ndi kabowo ka HDMI kumbuyo, ndi chingwe chimodzi chokha chonyamula chithunzi ndi mawu omwe.

"Ndiye kuti chimodzi chikakhala chabwino, zinazo n'zosafunika?" anatero Anderson akumuyang'ana m'maso. "Inenso, asisi, ndimafuna mmodzi basi."

Abale inu, mawu otchipa ngati amenewo! Koma anagwira. Dividi sanagule tsikulo, anangotenga nambala. Kenako anayamba kubwerabwera, lero kudzafunsa za rimoti, mawa za kutalika kwa chingwe, mpaka amalume anayamba kutsokomola dala akamuona. Pafoni ndiye osanena. "Duwa langa, wadya? Ine chakudya sichitsika ndisanamve mawu ako." Tiwale ankawerenga n'kumaseka yekha kuseri kwa kauntala. Anamukonda mnyamatayo, osati pang'ono.

Chomwe ankafuna chinali chimodzi, kuonekera kwa makolo. Zomangokumana kuseri kwa msika anali atatopa nazo. Kodi iye anali wobisa?

Ndiye Anderson analonjeza. "Amayi akubwera kuchokera ku Ntchisi. Udzabweretse dividi ija, udzailumikize wekha, ndipo ndidzawauza kuti mpongozi wawo ndi ameneyu."

Tsikulo Tiwale anamanga chitenje chatsopano pamwamba pa diresi, nakwera kabaza mpaka kwa Anderson ku Area 23, bokosi la dividi lili pamiyendo. Popereka moni anagwada mpaka pansi. Amayiwo, munthu wamkulu wofatsa, anamulandira ndi manja awiri. Anderson anangoti uyu ndi Tiwale, zambiri akamba akabwerako, n'kutuluka kukagula zakumwa ku golosale.

Tiwale analumikiza chingwe, nayatsa. Apo amayi anapisa m'chikwama, natulutsa chimbale chokulungidwa m'mpango. Anati wojambula kanema wina anawapatsa chaka chatha, koma kumudzi kulibe magetsi, choncho chakhala chikungogona m'sutikesi. Ngakhale mwana wawo sanamuuze kuti abwera nacho.

Chithunzi chitabwera, onse awiri anangoti kukamwa yasa. Mudzi wonse unalowa m'nyumbamo! Masamba a mtengo wa mango ankaoneka limodzilimodzi, thukuta likunyezimira pamphumi za oimba ng'oma, fumbi la ovina likukwera ngati lituluka m'galasi. Zingwe zimenezi Tiwale anagulitsa zambirimbiri, koma anali asanaonepo chikugwira ntchito pa kanema wamkulu chonchi. 

Amayi anasendera pafupi akutchula anthu mayina. Mwadzidzidzi anatambasula dzanja. Pagalasipo panali mdala wa chipewa akuseka, mano onse pamtunda. Amayi anamukhudza patsaya ndi chala.

"Bambo ake a Anderson awa. Anatisiya nthawi yokolola," ananong'ona. "Taonani, ali moyo."

Tiwale misozi inalengeza. Anaona kuti wawachitira apongozi ake chinthu chachikulu, ndipo ananyadira.

Kenako panatulukira ankhoswe, ena atanyamula tambala, ena thadzi. Chinali chinkhoswe. Anabweretsa atsikana ofundidwa zitenje kuyambira kumutu, kuti mwamuna aloze wake. Mnyamata wa malaya obiriwira anavundukula woyamba, napukusa mutu, anthu n'kufa nacho chiseko. Wachiwiri chimodzimodzi. Atavundukula wachitatu anamukumbatira, nthungululu zili ponseponse, ndipo wojambula anayandikitsa nkhope ya mnyamatayo mpaka kudzaza galasi lonse.

Anali Anderson. Chithunzi choyera chotero sichinamusiyire Tiwale mpata wodzinamiza kuti mwina ndi mchimwene wake.

Amayi anafotokoza mosangalala kuti mpongozi wawoyo ndi Lettie, ali kusukulu ya uphunzitsi, ndipo ukwati ndi chaka chomwechino akangomaliza mayeso.

Mtima wa Tiwale unasweka pomwepo. Duwa langa? Duwa lake liti? Atacheuka anaona Anderson ali chiimire pakhomo, mabotolo ali m'manja, akudziyang'ana yekha pa kanema wake.

Anafuna kukuwa, kunena zonse. Koma amayi aja anali atapempha kale kuti awabwezere pomwe pali amuna awo, nkhope yawo ikuwala ngati ya mwana. Akanayambira pati? Anawagwiritsa rimoti, nawaonetsa batani lobwezera m'mbuyo ndi loimitsira chithunzi, mpaka anatha kuchita okha.

"Mwana wanga, manja ako ndi odala, wandionetsa amuna anga," anatero amayiwo atamugwira dzanja. "Nawenso ukadzapeza wako udzandiitane, ndidzabwera kudzakululutira."

"Ndidzakuitanani, amayi," anayankha Tiwale.

Anagwadanso potsazika. Pakhomo Anderson anamupatukira, ndipo iye anadutsa osamuyang'ana.