Nkhope ya Mayi Papepala Lomaliza

Pachingwe cha m'chipinda chosindikizira panatsala pepala limodzi lokha, lokhala ndi nkhope ya mayi ake a Manzere, koma yopanda maso. Manzere anali mtsikana wa Fomu 3 wodziwa kujambula. Mayi ake anamwalira osasiya chithunzi n'chimodzi chomwe, ndiye nkhopeyo anaigoba pathabwa mongokumbukira.

Ntchitoyi ankaigwira ndi a Inki, bambo wosindikiza amene zala zawo zinali zakuda ndi Lamlungu lomwe. Njira yawo inalibe kubwerera m'mbuyo. Ankasindikiza mtundu umodzi, Manzere n'kugobanso thabwa lomwelo, kenako n'kusindikiza mtundu wina pamwamba. Masaya ndi milomo anali atazigoba n'kuzichotsa kale pathabwapo atamaliza kuzisindikiza. Mapepala ena asanu anatuluka okhota, anawataya.

"Inki yofiirirayi sinaume, mwanawe," anatero a Inki, akununkhiza pepalalo. "Yakuda ya maso tidzaike Lolemba."

"Ayi bambo, chonde. Mng'ono wanga ali pakhomopo. Mayi sawakumbuka, ndipo ndamulonjeza kuti awaona lero."

"Kuona maso a nkhono n'kudekha."

"Ndadekha miyezi itatu ine. Tsiku limodzi lisintha chiyani?"

Chifundo nachonso chimapweteketsa. A Inki, munthu wa zaka makumi atatu pantchito, anagonja ndi misozi ya mwana. Anapaka inki yakuda pathabwa, Manzere anagoneka pepala bwinobwino, iwo n'kupukusa chitsulo cha makina.

Pomatula, pepala linakana. Manzere anakoka pang'ono, linalira kuti pwee. Tsaya lonse ndi theka la milomo zinatsalira pathabwa, zitamatirira ngati nsalu pabala.

A Inki anakhala pansi pampando, manyazi atawagwira. "Wolakwa ndine. Ndimadziwa, koma ndalola. Thabwa lina ndikupatsa, uyambirenso."

Manzere anatsinzina kuti awaone mayi ake m'maganizo. Kunabwera mpango wawo wobiriwira ndi mawu awo oitana, koma milomo ija osabwera. Miyezi yonseyi ankayang'ana thabwa, ndipo nkhope yeniyeni ya mayi ake inali itafufutika m'mutu mwake. Mantha anamugwira kuposa tsiku la maliro.

Chitseko chinatseguka. Mng'ono wake uja analowa monyang'ama, atavala diresi lake labwino. Anatola pepala long'ambikalo ndi manja awiri, n'kuliyang'ana nthawi yaitali.

"Achemwali," anafunsa motsitsa mawu, "mayi ankaoneka chonchi?"