Dothi la M'kampango

Tiwale anayamba kumva mapaziwo atangobwerera kuchokera kutchuthi ku Dubai, kumene ankagwira ntchito yolera ana pakhomo pa madamu ena. Ankamveka mbandakucha, mzikiti wa ku Al Twar usanaitane: munthu wosavala nsapato, woyenda pang'onopang'ono pamatailosi, kuima pakhomo lililonse ngati mlendo wosadziwa nyumba. Akafika pakachipinda kake, kuseri kwa khitchini, ankaima nthawi yaitali, ndipo pansi pa chitseko pankalowa fungo la udzu wopsa.

Kutchuthiko, Tiwale anadutsa malire a ku Dedza n'kulowa m'Mozambique, kumene bambo ake anafera pankhondo yapachiweniweni iye ali m'mimba. Malowo anawasunga mmene nkhondo inawasiyira. Panali malole awiri opsa, limodzi mtengo utamera pakati pake, maenje obisalamo asilikali, ndi khoma la sitolo lodzaza zibowo za zipolopolo. Mkulu woyang'anira malowo, wa mwendo umodzi, anamulozera kumene gulu lililonse linatulukira. Anati anthu wamba amene anakwera malolewo anawakwirira pamodzi, osalemba maina.

Tiwale anatapa dothi n'kumanga pakampango, monga anamutumira mayi ake, kuti akalithire kumanda akwawo. Koma atafika kunyumba sanalipereke. Anati malowo sanawapeze. Chinali chinthu choyamba cha bambo ake chimene anagwirapo ndi manja.

Tsiku lachinayi, Wendy, wophika wa ku Chipata, anamunong'oneza akutsuka makapu.

"Iwe, lero anagogoda kwanga. Ine sindinatsegule, basi, ndinangofunda kumutu. Unabwera ndi chiyani kuchokera ku Malawi?"

Masana, ana a madamu atagona, Tiwale anaimba foni kumudzi.

"Amayi, ndinakunamizani. Dothi ndili nalo kuno."

Kumbuyo kwa mayi ake kunkamveka nkhuku.

"Bambo ako unkawauza njira?"

"Njira yanji, amayi?"

"Ukanyamula munthu umamuuza. Tanyamuka. Tikuwoloka mtsinje. Tafika. Iwe wawakweza ndege osanena kanthu. Zaka zonsezi ali kutchire, lero wawasocheretsanso." Mawu awo anatsika. "Abweze, mwanawe. Inenso ndikuwadikira."

Temwa, mnzake wa kutchalitchi, ankapita ku Lilongwe Lamlungu, ndipo anavomera kukapereka dothilo kumudzi. Tiwale anamulembera papepala malo onse oti akatchule, kuyambira pageti la nyumba mpaka pamlatho wa kwawo.

Mbandakucha wa tsikulo mapazi anabweranso, n'kuima. Tiwale anadzuka, namanga chitenje, nagwada pafupi ndi chitseko. Sanatsegule.

"Ababa," ananong'ona, "ndine Tiwale, amene simunamuone. Kuno ndi ku Dubai. Ndimalera ana a anthu. Lero mupita ndi Temwa, amayi akukudikirani. Ine ndinangofuna mukhaleko pang'ono."

Chitseko chinalira pang'ono, monga chimachitira munthu wotopa akachitsamira. Tiwale anaika tsaya lake pathabwalo. Linali lofunda. Anakhala choncho, osasuntha, mpaka madamu anamuitana kawiri kuti akadzutse ana.