Ana a Malemu Ndi Angati?

Fomu ija inakhala pamwamba pa firiji milungu itatu, itatsamiridwa ndi botolo la mankhwala a chifuwa, ndipo m'nyumba monse amene ankaiona anali amake mapasa okha. Mwamuna wawo, wophunzitsa anthu kuyendetsa galimoto, munthu wokalipira anzake tsiku lonse kuti aziyang'ana kutsogolo, akafika pafirijipo ankayang'ana kumbali.

Nkhani yake sinali yovuta. Nyumba imene ankakhalamo pamodzi ndi apongozi aakazi inali idakali m'dzina la apongozi aamuna, omwe anamwalira zaka khumi ndi ziwiri zapitazo, amake mapasa asanakwatiwe. Tsopano a ku ofesi ya malo analemba kalata kuti nyumbayo iikidwe m'dzina la amoyo. Ankafuna chikalata cha imfa, komanso fomuyo, yofunsa kuti ana a malemu ndi angati. Bambo a mapasa anali atalembapo kale kuti mmodzi, ndipo mkazi wawo ndiye ankayenera kusaina ngati mboni.

Tisawanamizire amake mapasa kuti sankadziwa. Ankadziwa bwinobwino kuti malemuwo anali ndi mwana wina wamkazi, wa ku banja lawo loyamba. Koma m'nyumbamo munkanenedwa kuti mkaziyo anathawa bambo ake atafa ziwalo, ndipo ngakhale pamaliro sanaoneke. Munthu wotero, iwo ankati, anadzifufuta yekha. Amake mapasa cholembera anali nacho kale m'chikwama.

"Amayi, tsiku latsala pang'ono kukwana," anatero kwa apongozi awo tsiku lina m'mawa. "Chikalata cha imfa chija chili kuti?"

"Ndinakuuzani kuti chinadyedwa ndi chiswe," apongozi anayankha osatukula maso pa kapu yawo. "Tengani icho chili pakhomacho. Dziko lonse linawerenga."

Pakhomapo panali uthenga wa maliro wodulidwa m'nyuzipepala, uli m'felemu yagalasi imene apongozi ankaipukuta Loweruka lililonse. Unkati malemu anatisiya mwamtendere kuchipatala, mkazi wawo ndi mwana wawo mmodzi yekhayo ali pambali pawo.

"Bambo a mapasa, inu simunganene kanthu?"

"Ndizitsata sabata yamawa," anatero bamboyo, n'kutola makiyi ake.

Sabata yamawa ya bambo ameneyo amake mapasa ankaidziwa: sinkafika. Anatseka saluni yawo m'mawa umenewo, anakulunga felemu m'nsalu, ulendo wa ku ofesi ya malo. Kalaliki wa kumeneko anaiyang'ana kamodzi n'kuibweza.

"Mayi, nyuzipepala imalemba zimene ofedwa aiuza. Ife tikufuna za m'kaundula. Pitani ku ofesi yolembetsa imfa, akakupatseni chikalata china."

Ofesiyo inali kuseri kwa nyumba yaitali, chipinda chonunkha fumbi ndi mapepala akale. Mayi wina wamagalasi omangirira chingwe anafunsa dzina, chaka ndi mwezi, kenaka anatsitsa chibuku chachikulu ngati chitseko cha kabati. Ananyambita chala, anatsegula, anatsegulanso, mpaka chala chinaima.

"Ndi awa. Onani ngati zonse zili bwino ndisanalembe."

Amake mapasa anawerama. Dzina linali lomwelo, tsiku lomwelo. Koma pamalo a imfa sipanalembedwe chipatala. Panali nambala ya nyumba, mumsewu wa kuseri kwa depoti ya mabasi. Pa nthawi imene anadwalira m'nyumbayo panalembedwa miyezi khumi ndi umodzi. Ndipo pamzere womaliza, wa munthu amene anadzanena za imfayo, panali dzina la mwana wamkazi uja, mlamu wawo, ndi mawu akuti mwana wa malemu, wokhala nyumba yomweyo, analipo pa nthawi ya imfa.

"Chikalata choyamba anatenga ndi yemweyu," anatero mayi wamagalasi. "Mukanangomufunsa bwenzi musanavutike. Si wachibale wanu?"

"Ndi alamu anga."

"Ndiye mwayendera njira yaitali bwanji?"

Amake mapasa anayang'ananso dzinalo. Anakumbukira tsiku lina zaka zisanu ndi ziwiri zapitazo, mapasa ali ndi sabata imodzi. Kunabwera mayi wowonda, atanyamula tizipewa tiwiri toluka pamanja. Atadzitchula, amake mapasa anaima pakhomo ngati mlonda, n'kunena mokweza kuti apongozi amve m'nyumbamo: "Munthu wothawa bambo ake akudwala sangagwire ana anga." Anamenyetsa chitseko. Tsiku limenelo apongozi anawayamikira, ndipo iwo anadziona ngati mkazi weniweni wa pabanjapo. Lero, pamaso pa mlendo, manyazi anawagwira mpaka anafuna mpando.

Anafika kunyumba masana, bambo a mapasa atabwera kudzadya. Ana anali kusukulu. Amake mapasa anaika felemu patebulo, pambali pake n'kuika chikalata chatsopano chija.

"Werengani zonse ziwiri, mundiuze chonama ndi chiti."

Bamboyo anawerenga mzere umodzi wokha. Supuni inagwera m'mbale.

"Anakutumani ndani kukafukula akufa?" apongozi anafunsa. "Mwabwera dzulodzuloli pabanja pano, lero mwayamba kutiimba mlandu?"

"Amayi, ine sindikuimba mlandu. Ndikufunsa. Bambo anamwalirira kuti?"

Amene anayankha anali bambo a mapasa, maso ali pansi.

"Kwa achemwali. Ndinakawasiyako ndine. Ndinabwereka galimoto, ndinawanyamula pamsana mpaka m'chipinda, ndinawagoneka pamatiresi. Ndinawauza kuti ndibwera Loweruka."

"Munapita?"

Bamboyo anapukusa mutu.

"Loweruka limenelo lokha, kapena?"

"Onse."

"Inu mumamudziwa munthu wofa ziwalo?" apongozi analowerera, misozi ikutsika. "Munamutembenuzapo? Munamusambitsapo munthu wamkulu akulira ngati khanda? Ndinayesa miyezi iwiri, msana unakana, mtima unakananso. Ndinalephera, inde ndinalephera. Ndiye mumafuna ndiuze anthu kuti mwamuna amene ndakhala naye zaka makumi atatu wafera m'chipinda cha lendi, m'manja mwa mwana wopeza? Akanandiyang'ana bwanji?"

Amake mapasa anawamvera chisoni, pakuti kutopa si mlandu. Koma chisonicho sichinafike patali.

"Kulephera ndakumva, amayi. Nanga kunena kuti anathawa?"

"Anthu ankafunsa chifukwa chimene sanaonekere pamaliro."

"Ndipo sanaoneke chifukwa chiyani?"

"Tinawapempha kuti asabwere," anatero bambo a mapasa. "Tinkaopa kuti wina awafunsa, ndipo iwo sanama. Uthenga wa m'nyuzipepalawo amayi ankanena, ine ndikulemba."

Amake mapasa analira, kulira kwa mkwiyo. "Munandisenzetsa bodza lanu, ine n'kukatsekera nalo munthu chitseko. Munali m'nyumba muno nonse awiri tsiku limene lija. Munamva. Inu, bambo a mapasa, munangokweza wailesi."

"Zinapita zimenezo," apongozi anatero akupukuta m'maso. "Madzi akatayika saoleka. Sainani fomuyo. Kapena mukufuna nyumba ya ana anu igawidwe pakati?"

"Sindisaina."

"Ndiye kuti pabanja pano simuli."

"Ngati kukhala pabanja pano n'kusaina zimenezi, ndilongedza lero lomwe."

Apongozi anadzuka, analowa kuchipinda kwawo n'kumenyetsa chitseko mpaka makapu analira m'kabati. Amake mapasa anatenga fomu ndi chikalata n'kutembenukira kwa mwamuna wawo.

"Ndikupita kwa alamu. Mundiperekeza kapena ndikwere basi ndizikafunsa m'misewu?"

Bamboyo anatola makiyi. Panjira sanafunse munthu. Anavomera yekha kuti ankadziwa shopu yochapa ndi kusita zovala imene achemwali ake ankagwirako ntchito, ndipo kwa zaka zonsezi ophunzira ake akafika pamphambano imeneyo ankawauza kuti apitirire, msewuwo ndi woipa. Atafika anazimitsa galimoto koma manja sanachoke pachiwongolero. Amake mapasa analowa okha.

M'shopumo munali motentha, mukununkha sopo. Kumapeto kwa tebulo lalitali mayi wowonda uja ankasita malaya oyera, tsitsi lake litayamba imvi. Anatukula maso ndipo anawazindikira nthawi yomweyo. Anaimika simbi.

Mawu onse amene amake mapasa anakonza m'galimoto anathawa. Anangogwada pa simenti yonyowayo.

"Alamu, ndachokera kolembetsa imfa. Ndaona dzina lanu. Ndinakulakwirani, ndipo ndilibe pobisala. Ndinakunyozani osakufunsani kanthu."

"Dzukani," mayiyo anatero motsitsa mawu. "Mukundiunjikira anthu pantchito. Dzukani, siketi ikunyowa."

"Bwanji simunandiyankhe tsiku lija?"

"Munali ndi sabata imodzi chiberekereni ana awiri. Ndikanakuuzani kuti chiyani, kuti mwamuna wanu ndi wotani? Ndinaona kuti mukufunika mwamunayo kuposa mmene ine ndinkafunira kuyeretsa dzina langa." Anapinda mkono wa malaya aja. "Akula anawo?"

"Ali sitandade 2."

"Afanana ndi ndani?"

"Anthu amati agogo awo aamuna. Ine sindinawaone."

Apa nkhope ya mayiyo inasintha, ndipo anayang'ana kukhoma mpaka misozi inabwerera. Amake mapasa anatulutsa fomu n'kufotokoza za nyumba, za funso lija, ndi yankho limene linalembedwapo. Mlamu wawo anaiwerenga pang'onopang'ono.

"Nyumbayo sindinailirepo. Ndinachokamo ndili ndi zaka khumi ndi zinayi, ndipo sindiilota. Koma ichi," anagogoda ndi chala pa mawu akuti mmodzi, "ichi ndiye chachiwiri. M'nyuzipepala anandifufuta, ndinakhala chete. Tsopano akufuna andifufutenso m'mabuku a boma? Bambo anga ndi bambo anga. Ndinawameta ndevu miyezi khumi ndi umodzi. Loweruka lililonse ankakana kudya mpaka ndiwamete ndi kuwaveka malaya abwino, poti mwana wawo anati abwera. Pakamwa panali patapotoka, koma liwu lakuti Loweruka ankalitha. Kukada ndinkawavula malayawo n'kuwauza kuti galimoto yawonongeka."

Kukhomo kunamveka phokoso ngati munthu watsamwa. Bambo a mapasa anali ataima pamenepo, osadziwika kuti anafika nthawi yanji, dzanja lili pakamwa. Munthu wamkulu, wandevu zake, ankalira ngati mwana wotayika pamsika.

"Achemwali," anatero.

Mayiyo anamuyang'ana nthawi yaitali. Sanamukumbatire, sanamukalipirenso.

"Wanenepa," anatero pomaliza. "Usalirire pa zovala za eni."

"Ndikhululukireni, achemwali."

"Za kukhululuka tidzakamba, si za lero. Amene unayenera kumupepesa sali pano. Ine ndikufuna chinthu chimodzi chokha, ndipo ukuchidziwa."

M'mawa mwake anapita atatu ku ofesi ya malo. Apongozi sanatuluke m'chipinda, koma sanaletsenso munthu. Anangotumiza mawu kudzera pachitseko kuti chitupa chawo chili m'kabati ngati chingafunike. Kwa mayi ngati amenewo, amake mapasa anaona kuti kumeneko kunali kugonja kokwanira tsiku limodzi.

Pamzere anthu anali ambiri. Bambo a mapasa anali atakhwatcha yankho lija n'kulemba lina pamwamba, akuyembekeza kuti zidutsa mwakachetechete. Koma kalaliki uja anakankhira pepalalo pambali.

"Fomu yokhwatchakhwatcha sitilandira. Ndilemba ina, muziyankha." Anatenga yatsopano, ndipo anafunsa mokweza monga amachitira anthu a m'maofesi, mzere wonse ukumva. "Poyamba munalemba mmodzi. Munaiwala, kapena wina wabadwa dzulo?"

Ena pamzerepo anaseka. Thukuta linatsika m'khosi mwa bambo a mapasa. Mkazi wawo sanawathandize, anangogwira cholembera chake n'kudikira.

"Sindinaiwale," anatero bamboyo. "Ndinanama."

Kuseka kunatha. Kalaliki anawayang'ana pamwamba pa fomuyo.

"Chabwino. Ana a malemu ndi angati?"

"Awiri." Anasuntha pang'ono kuti achemwali ake afike pawindo. "Muyambe kulemba awa. Ndiwo aakulu, ndipo ndiwo anali nawo bambo mpaka tsiku lomaliza."

Mayi wosita zovala uja anatchula dzina lake lonse, ndi la bambo ake kumapeto, momveka bwino. Kalaliki atamaliza kulemba anafunsa za mboni, ndipo amake mapasa anasaina, osatha kuyang'ana mlamu wawo kumaso.