Bikoni ya Atsamunda

Chimene chinamukweza Nelia phiri la Nambiro mu Febuluwale, mvula ili pakati, chinali chimanga. Munda wake unali kumtunda kwenikweni kwa mudzi wa Makwinja, kufupi ndi Machinga boma. Chimanga chinali chitamasula kale pamene alonda a nkhalango anabwera ndi mawu akuti mundawo uli m'dera la boma, ndipo Lachisanu adzachitchetcha. Nelia anali mayi wamasiye wa ana anayi, ndipo munda wina analibe.

Vuto linali lakuti malire enieni panalibe ankawadziwa. Atsamunda anadula awo, boma la chipani chimodzi linadzala mzere wa mitengo ya malayina, a matipate anabwera ndi bulugama wa pulojekiti, ndipo aliyense anachoka osafufuta za mnzake. Mayi Jacqueline, mkulu wa alondawo, sanali woipa mtima, koma nawo mutu unali utaima.

"Mapepala akale anadya chiswe," anatero. "Lamulo limamvera bikoni ya atsamunda, chipilala cha simenti cholembedwa nambala 14. Mukandionetsa kuti ili kumtunda kwa munda wanu, chimangacho sitichikhudza."

A Goliati, amalume ake a Nelia, amene analondapo nkhalangoyo zaka makumi awiri asanapume, anadziguguda pachifuwa.

"Ili pa mbawa zitatu, pamwamba penipeni. Bambo anga ankalambula mzere wa malire pa thangata, ndi amene anandionetsa. Ndikhoza kukafika nditatsinzina."

Nelia sanakhulupirire za kutsinzinazo, choncho anapempha che Hassani kuti awaperekeze. Hassani anali wootcha makala wochokera kwa Nsamala ku Balaka, amene anawoloka Shire mitengo itatha kwawo. A Goliati anang'ung'udza kuti iwo sangayende ndi mbala ya mitengo, koma Lachitatu m'mamawa ananyamuka atatu, Nelia atasenza chinangwa chophika ndi matemba a ku Chiuta. Madalawo anavala jekete lawo lakale laulonda la kaki, mabatani atapukutidwa bwinobwino ngati akupita kukalandira nduna.

Anadutsa munda uja, anadutsa malayina, anadutsa bulugama. Apo a Goliati anaima chilili.

"Apa pali muwanga waukulu, tikhotera kumanja."

"Uli kuti, amalume?"

Muwangawo panalibe. Panali zitsa zokhazokha, phiri lonse mbee ngati mutu wometa pamaliro. Madalawo ankazindikira njira poona mitengo, ndipo mitengoyo inali itapita kale m'matumba ku Liwonde ndi ku Balaka. Anazungulira chitsa china, anachigogoda ndi ndodo, anasankha njira. Patapita ola anafikanso pachitsa chomwecho.

"Madala, tiyeni titsate njira ya njinga zathu," anatero Hassani. "Imakafika pamwamba."

Njirayo inawafikitsa pamavuni a makala dzuwa lili paliwombo. Utsi unali tolo. Mwadzidzidzi wina anaimba likhweru, ndipo mwala waukulu unagubuduka kuchokera kumtunda n'kudutsa pafupi ndi mwendo wa Nelia. Amuna asanu anatulukira ndi zikwanje. Anali ataona jekete la kaki.

"Une, Hassani!" anakuwa mnzawoyo, manja m'mwamba. Analankhula nawo m'Chiyao kwa nthawi yaitali, uku akuloza madala aja, uku akuloza mutu wake. Nelia anamva ndithu kuti akuwauza kuti nkhalambayo mutu sukuyenda bwino. Anthuwo anawalola kudutsa, atalanda jekete ndi chinangwa chonse. Nelia anawamvera chisoni a Goliati kuona nthiti zawo zikuwerengeka m'kamalaya kong'ambika.

Pa mbawa zitatu anafika chakumadzulo. Zinali zitsa zitatu, chilichonse chotheka kugonapo munthu. Pakati pake panali mulu wa miyala.

"Si imeneyi!" anafuula a Goliati. "Ndinanama ine?"

Nelia anagwada n'kuyamba kuchotsa miyala umodziumodzi. Anafukula mpaka zala zinatuluka magazi. Simenti panalibe, nambala panalibe, pansi pake panali dothi ndi chinkhanira chimodzi.

"Amalume, nambala munaiona ndi maso anu?"

Madalawo anakanda m'mutu. "Ndinali mwana. Bambo anangoloza n'kunena kuti mzungu akafunsa, malire ndi amenewa."

"Nanga zaka makumi awiri zija mumalonda chiyani?"

"Malayina, mwana wa mlongo wanga. Nthawi imene ija ukafunsa zambiri umakagona kwina."

Nelia anakwiya mpaka misozi, koma mkwiyowo unasowa poufikitsa. Mvula inayamba ndi mphezi. Anathawira kuphanga lina, kumene anayamba alimbana ndi anyani amene anafika kale. Chimphongo chake chinaonetsa mano mpaka Hassani atamenyetsa chikwanje pathanthwe. Anagona ndi njala.

Lachinayi kunacha ndi nkhungu yoti munthu sungaone chala cha kuphazi. Apa ndi pamene anasokonezeka kotheratu. A Goliati ankati kumudzi ndi kumanzere, Hassani ankati ndi kumanja, ndipo Nelia akayang'ana kumene kunayenera kukhala nyanja ya Chilwa ankangoona zoyera.

"Madzi sasochera," anatero Hassani. "Titsate khwawa ili, likatifikitsa kwa anthu."

Khwawalo linali lakuya, losefukira, likukokolola zitsa ndi matope ofiira. Anatsika akukwawa m'mbali mwake. Pena a Goliati anaterereka n'kulowa m'madzi mpaka m'khosi. Nelia anawaponyera chitenje, iye ndi Hassani n'kuwakoka ngati thumba la chimanga lonyowa. Anayenda maola osawerengeka. Nthawi ina Nelia anamva tambala akulira kumtunda kwa khwawa, koma amalume ake anati ndi njala ikumuimbira m'makutu, kuno ndi kuseri kwa phiri, kulibe mudzi.

Chakumasana nkhungu inang'ambika pang'ono, ndipo patsogolo pawo panaoneka chinthu chimene sanachione chichokereni kumudzi: mitengo yeniyeni, mbawa ndi milombwa italiitali yothithikana.

"Nkhalango ija ilipo!" anatero a Goliati. "Ndimadziwa ine kuti simungaimalize yonse."

Hassani anapukusa mutu. "Walahi, phiri lino ndalipondaponda zaka zisanu. Mitengo yotere ikanakhalapo tikanaidziwa."

Anatuluka m'khwawa n'kulowa m'mitengomo akutema zilambe. Munali mdima ndi fungo la masamba owola. Nelia anapunthwa pakachulu, patsogolo panali kena, kenanso, tonse toyang'ana mbali imodzi.

"Amalume, ano ndi manda."

"Manda a ndani m'phiri muno?"

Chapatali, kupyola mitengo, Nelia anaona mtanda wobiriwira umene anaupenta yekha chaka chatha. Anali manda a mwamuna wake. Khwawa lija linali litawadutsitsa m'mbali mwa mudzi wawo womwe osauona, n'kuwatula kumunsi kwake. Analowa m'manda a kwa Makwinja chakumbuyo, mbali ya makolo, kumene ngakhale adzukulu okumba manda saloledwa kufika ndi khasu.

"Tituluke msanga," ananong'ona a Goliati. "Talowa popanda mwambo."

Potembenuka, chikwanje cha Hassani chinagunda chinthu n'kulira ngwee. M'mizu ya mbawa yaikulu munali chipilala chofika m'chiuno, chokutidwa ndi ndere. Nelia anachipala ndi mwala. Panatuluka 1, kenaka 4. Pamwamba pake panali muvi wogoba m'simenti.

Anafuna kululuta, koma nkhope ya amalume ake inamuletsa.

"Muviwu umaloza mbali ya boma," anatero madalawo pang'onopang'ono.

Onse atatu anatsata muviwo ndi maso. Unaloza kumtunda, kumene kunali mjigo, mzikiti, tchalitchi, sukulu, nyumba makumi asanu ndi limodzi, ndipo pamwamba pa zonsezo munda wa Nelia.

A Goliati anakhala pansi pamatope. "Ndiye chifukwa chake," anatero. "Ndimadabwa ine kuyambira kale kuti makolo anasiyiranji dothi lofewa n'kudzaika manda pamiyala pano. Mzungu anawathamangitsa m'phiri n'kudzamanga ichi. Iwo anaika maliro awo mozungulira, podziwa kuti palibe mlonda angalowe m'manda ndi chingwe choyezera. Kenaka anakaunjika miyala pamwamba paja, n'kubwerera pamalo pawo nyumba imodziimodzi. Ndipo ine ndinkamanga anthu chifukwa cha nkhuni, pamene ine ndemwe ndimagona m'nkhalango ya boma."

"Ndiye nditani ine?" anafunsa Nelia. "Ana anga adya chiyani?"

Hassani anatola masamba ndi zilambe n'kuphimba chipilalacho monga anachipezera.

"Ine ndaona nkhungu basi, achemwali," anatero.

Lachisanu m'mawa mayi Jacqueline anafika ndi amuna asanu ndi mmodzi onyamula zikwanje. Mudzi wonse unasonkhana m'mbali mwa munda. Mayiwo anayang'ana zala za Nelia zomanga nsanza, ndi a Goliati amene ankatsokomola atazyolika.

"Mwaipeza?"

"Sitinaipeze," anatero Nelia.

Mayi Jacqueline anausa moyo. Anayang'ana chimangacho, chobiriwira bii, phesi lililonse litabereka.

"Mayi, inenso ndine kholo. Tichite chonchi: ndikupatsani mwezi wathunthu. Ndibweretsa anyamata anga onse ndi makina, tisake tonse kuyambira kumsewu mpaka pamwamba, chitsamba ndi chitsamba. Bikoni siuluka. Tikaipeza ndithu."

Anthu anaomba m'manja. Amayi ena analuluta. Mwezi umodzi unali wokwanira kuti chimanga chikhwime, ndipo Nelia anadziwa zimenezo kuposa wina aliyense. Koma anadziwanso kuti akasaka chotero bikoni ija aipeza, ndipo mudzi wonse usamutsidwa. Anayang'ana anthu akumwetulirawo, anayang'ana madenga awo, mtima ukumuwawa ngati wathiridwa tsabola.

"Iyayi," anatero. "Musavutike. Mundawu ndi wa boma. Tchetchani lero."

Phokoso linabuka. Ena anati phiri lamuzunguza mutu, mlamu wake anamutukwana pamaso pa anthu kuti akupha ana a mchimwene wake ndi manja ake. Zikwanje zitayamba kulira, Nelia anayala chitenje pansi n'kumatsata otchetchawo pambuyo, akutola chimanga chogwa. Anasenda chimodzi n'kuchitsina ndi chikhadabo, ndipo munatuluka madzi okhaokha. Anachiponya m'chitenjemo, n'kuwerama kutola china.