Chimanga Chotsuka cha Lameki

Pakhomo pa a Mphepo, kufupi ndi Santhe, mlendo sankachokapo chimanjamanja. A Mphepo adali mlimi wa fodya komanso mkulu wa mpingo, munthu wa mawu ochepa. Akazi awo, a Lefina, ndiwo adali ndi maso akuthwa, moti mwana akayamba kunama iwo ankadziwa asanamalize. Mwana wawo woyamba, Lameki, adakulira m'mapemphero a m'mawa ndi madzulo, ndipo atamaliza Fomu 4 anthu ankati mnyamatayu watengera bambo ake.

A Mphepo omwewo ndiwo adayambitsa nkhokwe ya mpingo. Zinkawawawa mtima kuona chimanga chotsala chikudyedwa ndi anankafumbwe pakhomo pena, pamene khomo loyandikana nalo ana akugona ndi njala. Choncho adapempha kuti aliyense amene watsala ndi kanthu, kaya ndi chimanga, nyemba kapena mtedza, azibweretsa m'kachipinda ka kuseri kwa tchalitchi. Njala ikaluma mu Januwale ndi Febuluwale, chimangacho chinkagayitsidwa n'kugawidwa kwa amasiye, okalamba, ndi matenanti amene mabwana a m'maesiteti adasiya kuwapatsa phoso. Popeza thumba ndi chuma, mayi aliyense ankamanga kansalu kong'amba ku chitenje chake pakamwa pa thumba lake, kuti chakudya chikatha thumbalo libwerere kwa mwini.

Chaka chimenecho fodya adachuluka m'munda, ndipo a Mphepo sakadatha kugwira ziwiri. Adapereka kiyi ya kachipindako kwa Lameki, pamodzi ndi njinga yonyamulira matumba kupita nawo kuchigayo.

"Kiyi imeneyi si yako, komanso si yanga," adatero bambo akewo. "Ndi ya anthu amene sadadye dzulo."

"Ndamva, bambo."

"Kumva ndiye umamva," adalowererapo a Lefina. "Ine changa n'chimodzi. Tsiku limene udzalowe m'menemo n'kuyamba wasuzumira ngati kunja kuli munthu, udzadziwe kuti wayamba kale kulakwa."

Lameki adaseka. Kunena zoona, tsiku limenelo mtima wake udali woyera.

Kuseri kwa msika kudali kagolosale ka Lucious, wogulitsa mbewu ndi mankhwala a fodya, ndipo chigayo cha mlamu wake chidali pomwepo. Lucious adali munthu woseka ndi aliyense, koma maso ake sankaseka. Adamuona Lameki akutsitsa matumba kawiri, kachitatu adamuitana.

"Achimwene a mpingo! Katundu yenseyu, malipiro ake n'chiyani?"

"Ndi ntchito ya Mulungu."

"Eya, n'zoona. Ndiye kafoni kamabatani aka, komanga ndi mphira, anakupatsani ndi Mulunguyo?"

Anyamata amene adali pa bawo adafa nacho chiseko. Lameki adabisa foniyo m'thumba la buluku, nkhope itagwa. Lucious adamukokera m'kati n'kumuonetsa mulu wa mapaketi a mbewu ya chimanga yopaka mankhwala ofiira, yotsala chaka chatha, yoti sikadameranso.

"Ichi n'chimanga ngati chinzake," adanong'ona. "Kungochitsuka, utoto wonse phuu. Iwe undipatse ndowa ya chimanga chabwino, ine ndikupatsa ndowa ya ichi, uthire pakati pa thumba. Thumba likhala lodzaza monga kale. Waba chiyani pamenepo?"

"Koma papaketipo alemba kuti n'chosadya."

"Amalemba choncho kuti anthu asadye mbewu m'malo modzala. Iwe ndiwe mwana wa mlimi wa fodya. Sudziwa kuti ena amaika masamba abwino kunja kwa belo, zinyalala pakati, n'kudutsa nalo ku okushoni?"

"Bambo anga sanachitepo zimenezo."

"N'chifukwa chake mwana wawo akuyenda ndi foni yomanga ndi mphira."

Mawu amenewo adamulowa ngati minga. Lucious adatulutsa foni yagalasi lalikulu, n'kuiika pakauntala. Lameki adaiyang'ana nthawi yaitali kuposa mmene adayenera.

Lachiwiri lotsatira adafika pakachipinda kaja dzuwa lili pamutu. Asanalowetse kiyi adacheuka uku ndi uku. Adakumbukira mawu a mayi ake, koma adatsegula ndithu.

Mbewuyo ankakaitsukira kudambo, madzi n'kufiira ngati aphera mbuzi, kenaka n'kuiyanika kuseri kwa chigafa chakale chimene bambo ake adasiya kupachikamo fodya. Ikauma inkaoneka yotuwa pang'ono chabe, ndipo ikasakanizidwa ndi chimanga chinzake n'kugayidwa mgaiwa, palibe akadadziwa. Wachigayo uja ankayang'ana kumbali. Idayamba ndowa imodzi. Sabata yachiwiri zidali zitatu. Foni idabwera, nsapato zidabwera, ndipo Lameki adafika pomasula matumba mwachisawawa, osasamala kuti wagwira liti, wasiya liti. Matumba ena ankawadzazitsa ndowa yonse ya mbewuyo pamodzi.

A Lefina adayamba kumuyang'ana ndi diso lina.

"Foni imeneyi yachokera kuti?"

"Anandibwereka mnzanga."

"Mnzako ndani? Alibe dzina?"

"Simungamudziwe, amayi."

Tsiku lina akumuthirira madzi osamba m'manja, a Lefina adaima mkono uli m'mwamba. Nyengo yothyola fodya, aliyense pamudzipo manja amakhala akuda bii ndi phula la masamba. Manja a Lameki adali oyera, koma m'zikhadabo mudali kofiira.

"Wagwira chiyani iwe?"

"Ndimapenta njinga."

"Njinga yake ndi yakuda ija?"

Lameki adanyamuka akung'ung'udza kuti pakhomo pano munthu sapuma. Mayi ake adamutsatira ndi maso mpaka adakhota. Madzulo adawauza amuna awo, koma a Mphepo adati, "Tisamuganizire zoipa mwana popanda umboni." Adali munthu wabwino, ndipo ubwino wawowo udawatseka m'maso.

Lachisanu lotsatira ufa udagawidwa. Thumba lina lidapita kwa a Grey, tenanti wa ana anayi amene banja lake lidatha masiku atatu likudya nkhwani wokhawokha. Loweruka m'mawa nyumba yonse idali kusanza. Akuluakulu adalimba, koma kamtsikana kawo ka zaka zinayi, Olive, kadayamba kunjenjemera, thovu lili kukamwa, ndipo adathamanga nako kuchipatala pa njinga yamoto. A dokotala atamva zimene kadadya adati, "Muufamo muli mankhwala."

Anthu adathamangira kukaona thumbalo. Pakamwa pake padali kansalu kobiriwira ka madontho oyera, ndipo palibe mayi wa m'mudzimo amene sadachidziwe chitenje chimenecho. Chidali cha a Zelesi, mayi wamasiye amene adapereka thumba lathunthu pamene iwo eni adangotsala ndi awiri.

Mphekesera sizifuna njinga. Pofika masana wina adali atakumbukira kuti a Zelesi adakanganapo ndi mkazi wa a Grey pamjigo. Wina adati ankadabwa kale kuti munthu wosauka choncho akuperekeranji thumba lonse. Mabanja amene adalandira ufa adayamba kuununkhiza, kumasula kansalu, n'kumafunsana kuti mwini wake adalakwiranapo nawo liti. Lamulungu m'tchalitchi anthu adakhala motalikirana, ndipo pa benchi ya a Zelesi padalibe wina aliyense. Ngakhale a Mphepo anthu adayamba kuwanong'oneza kuti nkhokwe yawoyo adaiyambitsa ndi cholinga chanji.

Lameki adakhala pa benchi yakumbuyo. Adadzilimbitsa kuti Olive achira, nkhaniyo izizira, ndipo a Zelesi palibe angawachite kanthu.

Lolemba m'mawa a Lefina adasowa nkhuku zawo zitatu. Adazipeza kuseri kwa chigafa chakale, zitauma gwaa, miyendo m'mwamba. Pambali pake padali njere zotuwa zomwazika, ndi chipepala cha paketi ya mbewu chokwiriridwa theka. Adatola njere zingapo n'kupita nazo kwa mwana wawo, amene adamupeza akusisita foni pansi pa mtengo wa mango.

"Tambasula manja."

"Amayi..."

"Ndati tambasula!"

Adamuthira njerezo m'manja. Kufiira kotsalira m'mphuno mwa njerezo kudali kofanana ndi kwa m'zikhadabo zake.

"Ndinakubereka ndine, ndipo sindikukufunsa ngati wachita. Ndikukuuza kuti anthu apita kwa a Zelesi ndi miyala. Ukakhala pansi pompano, mwazi wa mayi amene uja ukhala pamutu pako, pamwamba pa wa mwana ali kuchipatalayo. Ukanena ndiwe, kapena ndikanene ndine?"

Misozi idali kutsika m'masaya mwawo, koma mawu awo sadanjenjemere. Lameki adadzuka n'kuthamangira komweko.

Adapeza khamu litazungulira nyumba ya a Zelesi. Zenera lidali litasweka kale. Mayiyo adali atagwada pakhomo, akulira kuti, "Ndinapereka ndi mtima umodzi, abale anga! Chimanga chomwecho n'chimene ndikudya ine!" A Mphepo adali ataima patsogolo pawo, manja atatambasula, akuchonderera anthu kuti adikire apolisi.

"Asiyeni!" adakuwa Lameki. "Ndine! Ndinathiramo mbewu yamankhwala ndine!"

A Mphepo adatembenuka pang'onopang'ono, n'kumuyang'ana mwana wawo ngati munthu wachilendo. Pakadapanda apolisi amene adafika nthawi yomweyo, miyala ija ikadapeza mutu wina.

Lucious sadapezeke. Golosale yake idali ndi loko, ndipo wachigayo adalumbira kuti iye amangogaya zimene wapatsidwa. Lameki adatsala yekha. Asanamutenge, apolisi ndi azaumoyo adapita naye m'kachipinda kaja. Mudali matumba makumi atatu ndi awiri, ena a ufa, ena a chimanga, lililonse ndi kansalu kake.

"Tilozere amene unathiramo," adatero mayi wa zaumoyo.

Lameki adayang'ana kansalu kofiira, kachikasu, kamaluwa. Adaloza limodzi, n'kubweza chala. Adaloza lina.

"Sindikukumbukira," adatero motsitsa mawu.

"Ngakhale limodzi loti ungalumbire kuti sunaligwire?"

Adapukusa mutu.

"Ndiye kuti onsewa akwiriridwe, pamodzi ndi ufa umene unagawidwa Lachisanu."

Dzenjelo adalikumba kuseri kwa tchalitchi, pakati pa mwezi wa Febuluwale, chimanga cha m'munda chisanakhwime. A Mphepo adakana kupatsira wina khasu. Matumba adagwera m'dzenjemo limodzilimodzi, ufa woyera ukufuka, pamene amasiye, okalamba ndi matenanti adaima mozungulira, ana awo atagwira zitenje za amayi awo. Ambiri mwa matumbawo adali abwinobwino, aliyense ankadziwa zimenezo, koma padalibe woti n'kuika moyo wa mwana wake pa mawu oti mwina. Kamwana kena kadafuna kutola njere zimene zidatayikira pambali, mayi wake adakamenya padzanja, kenaka iye yemwe n'kuyamba kulira.

A Grey adafika kuchokera kuchipatala dothi likuthiridwa. Adati Olive watsegula maso ndipo wapempha madzi. Kenaka adayandikira pamene Lameki adakhala, unyolo uli m'manja. Sadamutukwane.

"Mwana wanga akamutulutsa mawa," adatero. "Tandiuza iwe, ndikamupatsa chiyani?"

Lameki adalira ngati mwana wakhanda.

Bwalo lidamupatsa zaka za kundende. Kumeneko adalapa ndithu, ndipo makalata opepesa amene adalembera a Zelesi ndi a Grey adawerengedwa mumpingo. A Mphepo adatula pansi udindo wawo. Kukolola kutafika, belu lidalira loitanitsa chakudya chotsala monga kale, koma anthu adangoyang'anana. Opereka ankaopa kuti kansalu kawo kadzawasandutsa afiti, ndipo olandira ankaopa kufa. Kachipinda kaja kadakhala kopanda kanthu chaka chonse, ndipo njala itabweranso padalibe pothawira.

Inu achinyamata amene mwapatsidwa kiyi, kaya ndi ya mpingo, ya sukulu kapena ya pakhomo, mverani. Kuba chakudya cha osauka ndi tchimo pamaso pa Mulungu, ngakhale wina akuuzeni kuti n'kusinthanitsa chabe ndipo thumba likhala lodzaza. Lameki ankati akutenga ndowa imodzi, koma adalanda mudzi wonse chakudya chake ndi kukhulupirirana kwake. Tchimo lake adalapa, Mulungu adamva, koma matumba makumi atatu ndi awiri aja akadali pansi kuseri kwa tchalitchi.