Mawu a Exildah Pakamwa pa Wina

Exildah anakumana ndi Clive pasiteji ya maminibasi a ku Mukobeko. Iye atasenza beseni la vitumbuwa, mnyamatayo kamera ili pakhosi.

"Mtsikana iwe, maso ako ni a mufilimu," anatero Clive. "Nipaseko namba."

Anamupatsa. Akanadziwa, mwana wa eni!

Mameseji anayamba kuvumba. "Shuga wanga, popanda iwe sinipuma." "Filimu yanga ikatuluka, nizabwera kwa amalume ako ku Nakoli kukufunsira."

Tsiku lina foni inalira. "Exildah, tisiyane."

Mtsikana anagwa pansi. "Nalakwa chani? Amayi ananisiya nili mwana, naiwenso? Nizapenga ine, osanisiya!" Analira mpaka mawu kusasa. Clive sanadule foni, anangomvetsera.

M'mawa mwake uyo, wabwera ndi chitenje chatsopano. "Ninali kukuyesa chabe, bebi."

Kuyesa? Munthu amayesa nsapato, osati mtima wa mnzake! Koma Exildah anakhululuka. Clive atachitanso, anakhululukanso.

Filimu inatuluka. Anaionetsa masana muholo ina mtauni, ndipo Exildah anapita ndi mnzake Namwinga, atavala chitenje chija. Nkhani yake inali ya mkazi wamasiye amene ankalandira mafoni a mwamuna wake wakufa. Abale ankati wazungulira mutu, chonsecho woimbayo anali mlamu wake wofuna kulanda nyumba. Wosewera mkaziyo anali Cynthia, mtsikana wa ku Kamushanga.

Chakumapeto Cynthia anafulatira kamera, foni ili kukhutu. Holo yonse inadzaza kulira.

"Amayi ananisiya nili mwana, naiwenso? Nizapenga ine, osanisiya!"

Namwinga anamutsina. "Iwe! Si mawu ako aya?"

Analidi mawu ake, a pafoni tsiku lija.

Magetsi atayaka anthu anaomba m'manja. Bambo wina wa pawailesi anaimirira. Anati chiyambi n'chochedwa, zithunzi zina mdima okhaokha, koma kulira kwa Cynthia kokha n'kokwanira kuti filimuyi itchuke. "Misozi yotere sagula, imachokera m'chiwindi!"

Cynthia anamwetulira. Clive anali atamugwira m'chiuno, mphete ya chitomero ikung'anima pachala cha mtsikanayo.

Exildah anadutsa pakati pa mipando, nawafikira.

"Clive, niuze kuti ni bodza. Napapata, chonde. Ukakana nizakhulupirira."

Clive anamukokera pambali. "Osapanga chongo, anthu angamve. Cynthia sadziwa kulira, bebi. Iwe uli na talenti."

"Nanga amalume anga? Akuyembekezera!"

"Zija zinali zokamba chabe."

Amuna ena inu, munabadwa kwa mkazi koma?

Kulira kunakwera pakhosi pa Exildah, kwakukulu kuposa kuja. Pomwepo anaona dzanja la Clive likutulutsa foni m'thumba mwakachetechete, chala chikufunafuna pojambulira.

Anatseka pakamwa ndi manja onse awiri, nameza. Kunamuwawa ngati wameza khala lamoto, koma anameza ndithu, natuluka panja.

Kulira kumeneko kokha, Clive sanakupeze.